Thumba la Shuga

Kwa zaka zisanu ndi zinayi ndinali pa mitala, ndipo mnzangayo anali ndi miyendo inayi. Choseketsa n'chakuti sanali n'komwe wamkazi. Anali hatchi yamphongo, yofula, yofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, dzina lake Kapitawo. Dzinalo anamupatsa ndi amuna anga, ndipo sanalakwitse, chifukwa kuseri kwa nyumba yathu kunalibe wina wolamula.

Amuna angawo anagwira ntchito yosamalira mahatchi moyo wawo wonse, pamalo ena pamene ana a anthu opeza bwino ankaphunzirirapo kukwera. Malowo atatsekedwa, mahatchi onse anapeza kolowera kupatula Kapitawo, poti mbiri yake yoluma inali itayenda kale patsogolo pake. Bambowo anabwera naye kunyumba wapansi, akumukoka ndi chingwe, nkhope ili ngwee. Anamumangira kakhola ndi mpanda wamatabwa kuseri, n'kumuikira bafa lakale loti azimweramo madzi. Ine ndine telala. Chipinda changa chosokera chili chakumbuyo, ndipo zenera lake linayang'ana kumpandako. Choncho chikondi chawo chonse ndinkachionera pamakina, ndikupalasa.

Bambo akakhala mumpanda, munthu asayerekeze kuwayandikira. Kapitawo ankagoneka makutu kumbuyo, khosi n'kulitambasula, mano ali pamtunda, kenako n'kuima pakati pa iwo ndi iwe. Anathamangitsapo wowerenga mita ya madzi, anang'ambapo malaya a mlamu wanga. Ine anandithamangitsa kamodzi kokha, chaka choyamba, nditawatengera bambowo tiyi. Ndinathawa liwiro la mtondo wadooka, thireyi kwina ine kwina, ndipo sindinapondemonso. Chinandiwawa si bondo limene ndinasupula ayi. Chinandiwawa n'chakuti nditacheuka ndinaona bambo akuseka, akumusisita khosi, dzanja lina lili kukamwa kwa chilombocho. Atalowa m'nyumba anandiuza kuti ndisadandaule, mnyamatayo ndi wansanje chabe, amawakonda mopitirira. Ankanena zimenezi monyadira, ngati mwamuna amene akazi awiri amenyana chifukwa cha iye.

Chaka chatha, m'mawa wina akumanga zingwe za nsapato, sitiroko inawagwetsa. Anatuluka m'chipatala patapita milungu itatu, dzanja ndi mwendo wamanzere zitafooka, lilime litalemera. Namwino wa mafizo, wophunzitsa odwala kulimbitsa ziwalo, anati adzayendanso ndithu, bola aziyeserera tsiku ndi tsiku wina atawagwirira mbali yofookayo. Koma iwo malo amene ankafuna kuyendako anali amodzi okha, kumpanda.

Mwana wathu wachisamba, amene amayendetsa mabasi a maulendo ataliatali, ndiye anayesa. Anawakolekera abambo ake paphewa n'kulowa nawo pageti. Kapitawo anabwera akulira ndi chimwemwe, koma atangoona kuti pali munthu wina wamatirira m'nthiti mwa bwana wake, makutu anagona. Anamuluma mwanayo paphewa n'kumukutumula, onse awiri n'kugwa. Bambo anagwera m'matope, ziboda zikuponda uku ndi uku pafupi ndi mutu wawo. Ndi mwayi chabe kuti sizinawaponde. Mwanayo kuchipatala anamusoka, ndipo ine monga telala ndinganene kuti amene anamusokayo anasoka mwaulesi.

Atabwerako ndi bandeji yake, anatiuza kuti nkhani yatha. Anali atapeza munthu wa lole amene amatenga nyama zovuta ngati zimenezi, ndipo adzabwera Loweruka lomaliza la mwezi. Kumene amapita nazo nyamazo sanatiuze, ifenso sitinafunse chifukwa tinkadziwa. Bambo anamva zonse ali pabedi. Anangotembenukira kukhoma, ndipo kuyambira tsiku limenelo mafizo anawakana, mbale zinkabwerera kukhitchini chakudya chitangolawidwa.

Ndisaname, poyamba mtima wanga unavina. Ndinati zikomo, mitala yatha popanda ine kunyamula katundu. Koma patapita masiku atatu ndinawaona bwino amuna anga ndikuwasambitsa. Munthu anali akutha ndikuona. Ndinadziwa kuti lole imeneyo ikadzatuluka pageti ndi hatchi, idzakhala yanyamula awiri. Hatchiyo ndinkadana nayo, koma umasiye ndinkauopa kuposa mano ake.

Ndinamuimbira foni mwana uja n'kumuuza kuti tipangane. Tsiku limene lole idzabwere, ine ndidzalowa mumpanda nditawagwira abambo ake. Hatchiyo ikadzandikhudza, aitenge. Ikadzapanda kundikhudza, lole ibwerere yopanda kanthu.

"Amayi, inu amene mumathawa nkhuku ya anapiye?" anatero akuseka.

Ndinamuuza kuti iyenso ndinamulera ndine, ndipo sanali wofatsa kuposa hatchi. Anavomera, poganiza kuti mawa lake lomwe ndigwa mphwayi. Panali patatsala masiku khumi ndi asanu ndi atatu.

Ndinaitana adokotala a ziweto, mayi wamfupi wa majombo aakulu amene ankabwera kudzamubaya Kapitawo katemera. Ndinawafunsa kaye zimene mwana wanga ankanena, zoti mwina amene anafula hatchiyi sanamalize ntchito. Iwo anati ntchito inamalizidwa bwinobwino, anaonetsetsa kalekale. Vuto n'lakuti anamufula atakula kale, atazolowera kulondera zazikazi ndi kuthamangitsa anzake. Mpeni umachotsa zimene umachotsa, anatero, koma khalidwe suchotsa. Kenako anandiuza kuti ndiwaonetse mmene ndimamudyetsera, poti chidwalire bambo wodyetsa ndinali ine.

Ndinawaonetsa. Ndinanyamula ndowa ya gaga, Kapitawo n'kubwera mwaukali makutu atagona, akumenya matabwa ndi chifuwa. Ine ndinaika ndowa pansi msangamsanga, n'kuikankhira kunsi kwa mpanda ndi mtengo wa tsache, kenako n'kuthawira pakhonde. Adokotalawo anaseka mpaka kugwira mpanda.

"Mayi, inu munthu akakutukwanani pamene mukumusokera diresi, mumamuonjezera bulauzi yaulere?"

Ndinati ayi, ameneyo amatuluka ndi nsalu yake yosasoka.

"Nanga uyu mukumupatsiranji chakudya akakutukwanani?"

Malamulo awo anali ochepa. Ndisamumenye, chifukwa ndewu ndi imene amaidziwa bwino kuposa ine. Ndisathawe, chifukwa ndikathawa ndiye kuti wapambana. Chakudya chizifika pokhapokha wabwerera m'mbuyo ndipo makutu aimirira. Masiku oyamba ndiziima kunja kwa mpanda, ndipo podzalowa ndidzatenge chinthu chondikulitsa thupi, osati chikwapu. Ndinayang'ana m'nyumba monse, n'kupeza ambulera yakuda ya bambo, yaikulu yokwana anthu atatu.

Tsiku loyamba ndinaima ndi ndowa kuyambira dzuwa likutuluka mpaka litayamba kuwawa pakhosi. Kapitawo anachita zonse zimene ankadziwa. Anapalasa pansi, analuma thabwa, anatembenuka n'kumenya theche mpanda wonse n'kugwedera. Manja anga anachita dzanzi, ndipo madiresi a eni ake anali akundidikira pamakina. Kenako, kaya chifukwa chotopa kaya chifukwa cha ntchentche imene inamutera pamwendo, anabwerera phazi limodzi, makutu n'kuima ngati akufunsa kuti kodi lero kwagwanji. Pomwepo ndinati, "Bwerera," n'kuika ndowa. Sanadziwe chimene wachita, koma anadya.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku lachiwiri tinakangana theka la ola. Tsiku lachinayi ndinangoti bwerera, iye n'kubwerera mapazi awiri, akundiyang'ana cham'mbali ngati kasitomala amene wauzidwa kuti nsalu yake yachepa. Patatha mlungu ndinatsegula geti n'kulowa. Anandisiya ndiyende pang'ono, kenako anabwera mothamanga, mutu uli pansi. Ndinatseka maso n'kutsegula ambulera, phwa! Nditatsegula maso, mkulu uja anali pakona ya mpanda, mchira uli m'mwamba, akupumira m'mphuno ngati waona mzukwa. Ndinaseka ndekha mumpandamo mpaka misozi, ndipo kanali koyamba kuseka chigwere bambo.

Koma chimwemwecho chinali cha kanthawi. Kapitawo wopanda bambo pafupi anali nyama ina, ndipo misala yake yeniyeni inkadzuka iwo akakhalapo. Nanga ndikanayeserera bwanji? Munthu wodwala sungamayesere naye mano a hatchi. Ndinakhala pamakina ndikuganiza, maso anga n'kugwera pa chidole changa choyezerapo madiresi, chija chopanda mutu ndi manja, choima pa mwendo umodzi wachitsulo. Ndinachivula diresi ya mkwatibwi wina. Ndinachiveka jekete yabulawuni imene bambo ankavala tsiku lililonse popita kumpanda, m'mikono n'kupakiramo zidutswa za nsalu, pakhosi n'kukhazikapo chipewa chawo. Kapitawo akudya m'khola, ndinachinyamula n'kukachiimika pakati pa mpanda.

Atatuluka anachiyang'ana, anachizungulira kawiri, anachinunkhiza. Kenako mphuno yake inapita molunjika pathumba lakumanja la jekete, n'kuyamba kulikankha. Ine nditayandikira, makutu aja anagona, ndipo anaima pakati pa ine ndi chidole, mano ali pamtunda, ndendende mmene ankachitira ndi bambo. Ankalondera chinthu chopanda mutu. Ndinabwerera pang'onopang'ono ambulera ili yotsegula, mumtima ndikudzifunsa kuti m'thumbamo muli chiyani.

Chakumadzulo, atalowa m'khola, ndinakatenga jekete ija n'kulitembenuza thumbalo. Pansi pake panali chikhakha cholimba cha shuga, nyerere zitamangamo mudzi. Ndinakhala pansi. Zinthu zonse zinabwera pamodzi m'mutu mwanga. Shuga wa m'nyumba mwanga amene sankafika pakati pa mwezi, mpaka ndinkakayikira alendo. Dzanja lija limene linali kukamwa kwa hatchi tsiku limene ndinataya tiyi. Nthawi iliyonse Kapitawo akathamangitsa munthu, bambo ankapisa m'thumba n'kumunyambititsa shuga kuti ati mtima wake utsike. Anali akumulipira. Ndipo chimene chinandipweteka koposa n'chakuti thumba limenelo ndinalisoka ndekha kasanu ndi kamodzi. Likabooka ankandibweretsera, ine n'kuliikira nsalu ya jinzi kuti lilimbe, osafunsa n'komwe kuti munthu wamkulu thumba limodzi lokhalokha limamubookera bwanji. Chikwama cha malipiro a mdani wanga ndinkasoka ndine.

Ndinalowa kuchipinda jekete ili m'manja, mtima uli fuu. Bambo anali chigonere, nkhope kukhoma.

"Bambo, mnyamata wanu uja wapeza bambo wina. Chidole changa chija wachilondera tsiku lonse ngati mmene amakulondererani inu. Chimene amakonda ndi thumba ili."

Anatembenuka movutikira. Anayang'ana thumbalo, anayang'ana ine. Milomo inagwedera nthawi yaitali mawu asanatuluke.

"Ndiye... si ine?"

Ndinali nditadikira zaka zisanu ndi zinayi kuti ndidzawalase, ndipo nditawalasa sindinamve kukoma kulikonse. Ndinachita manyazi. Munthu anali atataya dzanja, mwendo ndi lilime, anatsala ndi chinthu chimodzi chodzitamira nacho, ine n'kumulanda chomwecho. Ndinayesa kubweza mawu koma anali atatuluka kale. Iwo anatembenukiranso kukhoma.

Adokotala nditawauza za shuga, anati jekete ndisaichape kaye, fungo likhalemo kuti hatchiyo ikhale ndi cholondera pamene tikuphunzira. Anati mphoto yake ndiziika m'ndowa, kutali ndi chidole, kuti adziwe kuti zabwino zimapezeka ukamusiya munthu, osati ukamukakamira. Ndiye m'mawa ndi masana ndinkalowa ndi ambulera, n'kumuuza kuti abwerere. Akabwerera, ndinkafika pachidole n'kuchikoleka mkono. Akaima phee, ndinkapita kukamuponyera kaloti m'ndowa. Patapita masiku ndinayamba kuchinyamula chidolecho m'chiuno n'kumayenda nacho mozungulira mpanda. Anthu oyandikana nafo ankasuzumira pakhoma. Mayi wina anafuula kuti atelala apeza banja latsopano amuna awo ali moyo. Ndinamuyankha kuti uyu ndiye wabwino, sayankha ndipo satha shuga.

Zinthu zikayamba kuyenda munthu umayamba matama. Tsiku lakhumi ndi chiwiri ndinaiwala ambulera pageti, ndipo nditakumbukira ndinati palibe kanthu. Ndinali nditangogwira mkono wa chidole pamene ndinamva mpweya wotentha, kenako mano pamkono wanga, pamwamba pa chigongono. Ululu wake unafika mpaka m'mano mwanga. Sindinathawe. Ndikanakonda kunena kuti kunali kulimba mtima, koma zoona zake n'zakuti miyendo inakana. Ndiye poti kuthawa kunakanika, chinatuluka ndi mkwiyo wa zaka zonse zija. Ndinamuyang'ana m'diso n'kumuuza kuti abwerere, ndi mawu amene ndimasungira anthu obwera kudzafuna diresi yaukwati kutatsala tsiku limodzi. Ndinamuyandikira phazi limodzi, iye n'kubwerera limodzi. Ndinapitiriza chomwecho mpaka matako ake anagunda bafa. Tinaima pamenepo tikuyang'anana, kenako anatsitsa mutu n'kuyamba kutafuna m'kamwa mopanda kanthu. Anali ataponya chida chake chachikulu, ndipo ine ndinali ndikadali pompo.

Pamkono panatupa, panada bii kukula ngati sosala. Adokotala anandikalipira kwambiri chifukwa cha ambulera ija, koma pochoka anandigwira paphewa. Masiku otsatira ndinkavala malaya a manja aatali kuti mwana wanga asamve.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti panali wina amene anaona zonse. Tsiku limenelo ndinali nditawakhazika bambo pampando m'chipinda chosokera kuti ndiyanike matiresi, ndipo ndinawasiya atatsinzina dala. M'mawa mwake anandikodola n'kuloza kuchipinda chosokeracho. Ndinawauza kuti ine msana wanga watopa, ngati akufuna kukaonera kanema wauleleyo ayende okha ndi mwendo wawo, ine ndingowagwirira. Anayenda. Zinatitengera nthawi yoti munthu n'kuphika tiyi n'kumwa, koma anafika. Ndili mumpanda ndinamva kugogoda pagalasi. Anali iwo, akundilozera ndi dzanja kuti ndisamaime kutsogolo kwa mphuno, ndiziima cha paphewa. Ndinamvera, ndipo zinathandizadi. Kuyambira pamenepo ankagogoda pagalasipo tsiku lonse ngati ndine wantchito wawo, ndipo mbale zinayamba kubwerera zopanda kanthu.

Kutatsala masiku atatu ndinachapa jekete ija, thumba n'kulikwecha ndi sopo mpaka shuga yense anatha. Nditachivekanso chidole, Kapitawo anabwera, ananunkhiza thumba kamodzi, n'kutembenuka kupita kukadya udzu. Sanachiyang'anenso. Mwamwayi nthawi imeneyo bambo anali ndi namwino wa mafizo kuchipinda, ndipo ine sindinawauze. Adokotala anandichenjeza kuti chidole ndi chidole, za mwini wake weniweni tidzaziona tsiku lomwelo.

Lachisanu ndinasita jeketeyo n'kuikoleka pampando pafupi ndi bedi. Ndinawauza bambo kuti mawa kulibe za shuga, iwo n'kugwedeza mutu mofatsa kwambiri, kufatsa kokayikitsa. Masana, ndikuchotsa makapu, ndinaona thumba lakumanja litatupa pang'ono. Ndinanamizira kuti batani lina likugwedera, n'kupita nayo jekete kumakina. M'thumbamo munali kapepala ka mankhwala kodzaza ndi shuga. Munthu wa dzanja limodzi anakhala akuba shuga wa pathireyi, supuni imodzi imodzi, n'kumabisa. Ndinafuna kukwiya, koma ndinapezeka ndikumwetulira, chifukwa munthu wofuna kufa saba shuga. Komabe ndinamukhuthula, m'kapepalamo n'kuikamo tizidutswa ta nsalu kuti kutupa kukhale komweko. Kenako ndinatenga ulusi wabulawuni, ndinaupinda pawiri, n'kusoka kukamwa kwa thumbalo ndi manja, timisoko ting'onoting'ono toti ngakhale telala mnzanga sangatione.

Loweruka lole inafika dzuwa litakwera pang'ono. Inaima pamsewu, woyendetsa n'kutsitsa chitseko chakumbuyo ngati nkhani yatha kale. Mwana wanga anabwera nayo. Adokotala anaima pafupi ndi geti, chingwe chili m'manja, kuti zikavuta alowerere. Ndinawaveka bambo jekete ndi chipewa, iwo n'kusisita thumba lija kunja kwake, n'kukhutira. Pamene ndinawagwira m'pamene ndinazindikira chimene sindinachiganizire masiku onsewa. Chidole ndinkachinyamula ndi dzanja limodzi. Munthu weniweni amafuna manja awiri, lina m'chiuno, lina pamkono wofookawo. Ambulera inalibe pogwirira. Ndinaipereka kwa mwana wanga.

"Amayi, tiyeni tingozisiya," anatero motsitsa mawu. "Sindikufuna kunyamula anthu awiri."

Ndinamuuza kuti atsegule geti.

Kapitawo anali kutsidya, pafupi ndi bafa. Anadzutsa mutu. Kulira kumene analira sindinakumvepo masiku onse a chidole aja, kunali kwapansipansi, konjenjemera m'mphuno. Anayamba kubwera mothamanga pang'ono. Atafika pakati pa mpanda anandiona ine nditamatirira m'nthiti mwa bambo, pomwe paja panali mwana wathu. Makutu anagona, khosi linatambasuka.

Ndinamva thupi la bambo likupendekeka. Dzanja lawo lamanja linathamangira kuthumba, zala n'kuyamba kufufuza polowera. Zinakanda pamsoko, zinakandanso. Anandiyang'ana, ndipo m'maso mwawo munali mantha enieni. Hatchi inali itatsala mapazi anayi.

"Bwerera," ndinatero, osakweza mawu.

Anaima, koma sanabwerere. Anapukusa mutu, chiboda chikupalasa pansi. Diso lake silinali pa ine, linali pa bambo, kudikira kuti bwana wake anena chiyani pa mlandu umenewu. Zaka zonsezi yankho linkakhala shuga. Ndinamva mtima wa bambo ukugunda pamkono wanga. Kenako dzanja lija linachoka pathumba, linakwera m'mwamba, chikhatho chitayang'ana kwa hatchi.

"Bwe... bwerera."

Mawuwo anatuluka opindika, koma anatuluka. Kapitawo anaimika khutu limodzi. Anabwerera phazi limodzi, kenako lachiwiri, kenako lachitatu. Anatulutsa mpweya wautali, makutu onse n'kuima, ndipo anayamba kutafuna m'kamwa mopanda kanthu muja. Aka kanali koyamba m'zaka zisanu ndi zinayi kuti amuna anga akhale mbali yanga pamaso pa hatchi imeneyi, ndipo ndinamva kukoma mpaka kuzala za kumapazi.

Tinamusiya adikire. Ndinawerenga chamumtima mpaka makumi awiri, kenako ndinawauza bambo kuti amuitane. Anayamba kubwera pang'onopang'ono, mutu uli pansi. Mphuno inapita pathumba, monga mwa chizolowezi. Inanunkhiza kamodzi, sinapeze kanthu. Ndinamva bambo akuumitsa thupi, ndipo ndinadziwa chimene ankaopa, chifukwa ndinawabzala ndine mantha amenewo. Koma Kapitawo sanachoke. Anakweza mutu pang'ono n'kutsamiritsa chipumi chake pachifuwa pawo, mofatsa ngati akudziwa kuti munthuyu waima ndi mwendo umodzi. Maso anatsinzina theka. Mpweya wake wofunda unkawomba padzanja langa, ndipo makutu anali chiimire.

"Chidole chija," ndinawanong'oneza, "atapeza thumba lopanda kanthu anachisiya n'kupita kukadya udzu. Taonani pano."

Misozi yawo inkangotsikira m'ndevu. Patapita kanthawi anatambasula dzanja lawo labwino lija, anagwira dzanja langa limene linali pamkono wawo, n'kuliika pakhosi pa hatchi. Panali pofunda, pafumbi, posalala kuposa nsalu iliyonse imene ndinaigwirapo.

"Kapitawo," anatero, liwu limodzi limodzi, "awa... ndi akazi anga."

"Mwachedwa nazo, bambo," ndinatero. "Ife tinadziwana kale."

Kugeti adokotala anali atakoleka chingwe chawo pathabwa, akupukuta m'maso ndi kolala. Mwana wanga anali ataima kakasi, ambulera ataikumbatira pachifuwa. Ndinamufunsa ngati akudikira kuti ndimulembere kalata. Anapita kumsewu, ndipo posakhalitsa tinamva chitseko cha lole chikutsekedwa, injini n'kulira. Ine ndi bambo tinatembenuka n'kuyamba ulendo wobwerera, pang'onopang'ono, misana titaipereka kwa Kapitawo. Sindinacheuke ngakhale kamodzi. Ndinkangomva ziboda zikutitsatira m'mbuyo, patali pabwino, mpaka pageti.

Masiku ano timapita kumpanda m'mawa uliwonse. Bambo amayenda ndi ndodo, koma pageti amaikoleka pathabwa n'kundipatsa mkono, ati ndodo siidziwa kulankhula ndi hatchi. Kapitawo sanasanduke mwanawankhosa. Masiku ena makutu amayamba kugona, makamaka mwana wathu akabwera, ndipo timamukumbutsa tonse awiri. Chidole chinabwerera pantchito yake, kungoti paphewa pali zipsera za mano zimene ndimabisa ndi nsalu makasitomala akabwera. Shuga amafika kumapeto kwa mwezi. Thumba lija sindinalitsegule mpaka lero, ndipo eni ake sanandipemphepo.